Mwaye wa pa Sitima ya Achimwene

"Lakula," anatero achimwene, n'kuliponya pansi.

Ndinalitola. Linali gudumu la lata, laling'ono ngati chotsekera botolo. M'mawa wonse ndinathera pa masipoko ake.

"Lakula pati?"

"Gudumu la sitima linkandilekeza apa." Anadzimenya pachifuwa. Chifuwacho chinayankha. Ndinadikira mpaka kutsokomola kutatha. "Apa. Iwe wadula lolekeza m'khosi."

"Ndani adziwe zimenezo ku Mzuzu kuno?"

"Ine."

Ndinatenga lata lina.

Iwo anali achisamba kwa amayi athu, ine mzime. Kwathu ndi cha ku Luchenza, kumene njanji imadutsa m'mphepete mwa minda. Analowa ntchito ya njanji ine ndisanayambe sukulu. Anali fayamani, munthu woponya malasha pamoto m'mutu wa sitima ya katundu. Sitima za dizilo zitabwera, fosholo inatha ntchito. Mwini fosholo nayenso. Anatsala ndi chipewa chakuda cha kuntchito ndi chifuwa. Akazi awo atamwalira, ndinapita kukawatenga.

Ine ndinkakhala ku Chiputula. Ntchito yanga inali yokhoma ndowa, mbaula ndi makoloboyi. Zina ndinkakhomera kumsika, zina pakhonde. Mzuzu si malo a munthu wodwala chifuwa. Chifunga chimadzuka nawe, mvula yamawawa imabwera mwezi uliwonse umene yafuna, matope ofiira sauma. Koma kwina kowatengera kunalibe.

Njanji kulibenso. Njanji yokha imene ndinaiona mu Mzuzu ndi kachidutswa kanga kokhomerapo malata, kamene ndinachoka nako ku Limbe. Achimwene ankakhala pafupi nako, atafunda bulangete, mbaula pakati pa miyendo.

Anthu oyandikana nafe ankafunsa kuti madalawa ankagwira ntchito yanji. Akawafotokozera, ankangoti, "Yewo, adada," mwaulemu, n'kusintha nkhani. Ambiri sitima anali asanaionepo. Madala angapo amene anapitako ku Joni ankaidziwa, koma ankaidziwa ngati okwera. Za kutsogolo kumoto sankazidziwa.

Akazi anga ndi a cha ku Ekwendeni. Iwo ndi achimwene ankaserewulana zachilamu tsiku lonse.

"Alamu, ndiye kuti ntchito yanu inali yosonkha moto basi? Ngati ine kukhitchini?"

"Moto wakowo ungakoke mabogi a fodya kukwera phiri?"

"Umakukokani inu kuchoka pabedi m'mawa. Imeneyo ndi ntchito chomene."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Koma mawa lake anandiuza kuti ndiwasungire zitini za mafuta ophikira, zosaphwanyika.

"Zachiyani?"

"Mlamu wangayu aione. Atseke pakamwa."

Ndinaganiza kuti akunena galimoto ya mawaya ngati zimene amapanga ana. Nditatchula zimenezo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Anali ndi muyeso wawo. Sitima ija ankaidziwa ndi thupi. Ankaimirira pabwalo, n'kutambasula manja onse awiri. Umenewo ndi mkwamba. Mkwamba umodzi wa sitima yeniyeni unkakhala kamtengo kamodzi ka machesi pa sitima yathu. Ankatsinzina, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa sitima imene panalibe, akutambasula manja, akubwerera, akuyambiranso. Kenako ankandandalika timitengo pathabwa. Chimene sichinkakwana mkwamba ankachiyeza ndi chigongono, ndi chikhatho, ndi chala, kamtengo n'kukathyola molingana. Anthu odutsa ankaima. Ena ankati madala a kwa wokhoma ndowa ayamba kuzungulira mutu.

Manja awo ankanjenjemera, choncho kudula ndi kuwotcherera kunali kwanga. Iwo kunali kulamula.

Tinayamba mvula ili pakati. Boyila, chimimba chija chowiritsira madzi, tinapinda kuchokera ku chitini. Chumuni chinachokera ku pampu ya njinga. Timipope tinali ta waya wa kopa amene ndinasolola m'galimoto yakufa ku galaja ina. Mitu ya misomali yolumikizira zitsulo ndinkaitulutsa ndi nsonga ya msomali, kugogoda chamkati, mzere ndi mzere. Mzere ukakhota, lata lonse kutaya. Kumbuyo kwa mutu kunali bogi ya malasha ndi madzi. Malasha ake anali makala osinja, osefa pa sefa ya akazi anga, zimene zinabweretsa mlandu wina. Kenako mabogi a katundu, ena otseka, ena ofunditsa lona wodula ku thalauza lakale la khaki. Njanji inali ya waya, pa thabwa la paini. Kafosholo nako kanalipo. Anandiuza kuti ndikapinde pang'ono mlomo wakumanzere, chifukwa fosholo yawo inali yotero.

Masiku ena ndinkatopa nazo. Ndowa za anthu zinkadikira.

"Achimwene, izi sizidyetsa munthu."

"Nanga ine ndakupempha chakudya? Wotcherera apo."

Koma ndinkaona. Masiku a sitimawo ankadzuka okha, ankameta ndevu, phala ankamaliza. Ankalankhulanso. Za mtunda wochokera ku Sankhulani, kumene fosholo siikidwa pansi. Ukangoima kuti upume, nthunzi yatsika, dalaivala wakuyang'ana. Za mvula imene inkatereretsa magudumu panjanji. Za kuphika tiyi pa fosholo. Sindinawamvepo akulankhula chotero tili kwathu. Ine ndinkangoti "eya", ndikukhoma.

Mutu wa sitima utatha unali wautali ngati mkono wanga kuyambira pachigongono. Ndinaupaka penti yakuda. Unkawala. Ukaukankha ndi chala, magudumu ndi mikono yake yachitsulo zinkayendera limodzi. Akazi anga anaomba m'manja.

"Alamu, ndagonja. Ndi yokongola chomene."

"Yatha," ndinatero ine.

"Sinathe. Iyi yangotuluka m'sitolo. Sinagwirepo ntchito."

Kuyambira pamenepo sanandilolenso kuikhudza. Ankayatsa koloboyi masana, chingwe atachitulutsa kwambiri kuti lifuke, n'kumadutsitsa sitimayo pautsi. Osati paliponse. Mwaye wambiri pachumuni, wocheperako pamsana pa boyila, kumka nuchepa chakumbuyo, monga mphepo inkaugonekera. Anandituma oyilo wakuda wotsala ku galaja. Ankamudontheza ndi nthenga ya nkhuku m'malo olumikizira mikono ya magudumu. Dzimbiri ankapala ku misomali yakale, kusakaniza ndi madzi, n'kulitsitsa m'mizere pamene madzi ankadontha. Pansi pa kampope kena anaika kamzere koyera ka laimu.

"Apa pankadontha zaka zonse. Tinadandaula mpaka kutopa. Sanakonze."

Pakhomo pa dalaivala, kachitsulo kogwira pokwera anakapukuta ndi chala mpaka penti kuchoka. Pansi, patsogolo pa khomo la moto, anapala timalo tiwiri.

"Apa n'chiyani?"

"Mapazi anga."

Ntchito yodetsayi inatenga nthawi yaitali kuposa yomanga. Utsi wa koloboyi unkawatsokomoletsa mpaka misozi. Akazi anga ankakalipa.

"Alamu, chinthu chabwinobwino mukuchidetseranji? Ndipo chifuwacho mukuchionjezera."

"Iwe mphika wako ukakhala woyera kunsi ndiye kuti mwagona ndi njala."

Itatha, inali ina. Sindidziwa kufotokoza. Ukagwada n'kuiyang'ana chapansi, unkayembekeza kuti ipuma. Ndinakumbuka ndili mwana, nditaima m'munda mwa amayi, nthaka ikunjenjemera, munthu wakuda bii akundikwezera dzanja pakhomo la sitima. Sindinawauze.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Nyengo yozizira ikuyamba, kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko akubwera kumpoto. Zikatero nthambi iliyonse ya chipani inkasonkha mphatso. Apampando a nthambi yathu ankayenda khomo ndi khomo. Anali ndi kagolosale kumsewu. Sanali munthu woipa. Anali wamantha ngati tonsefe, kungoti mantha awo anali ndi mpando.

"Odi! Monire nonse."

"Yewo. Fikani."

Sitima inali pakhonde. Sindinapeze mpata woifunditsa. Apampando anaiwala chimene anadzera. Anagwada ndi thalauza lawo labwino, n'kuikankha pang'ono.

"Aa! Wapanga ndani, adada?"

"Manja ndi a uyu," anatero achimwene. "Mutu ndi wanga."

Apampando anaikankhanso, kupita ndi kubwerera. Ndinaona maganizo akuwafika pankhope.

"Nthambi zina zipereka mazira. Chaka ndi chaka mazira, nkhuku, mbuzi. Ife a ku Chiputula tipereka sitima."

"Si yogulitsa," ndinatero.

"Ndani wanena zogula, adada? Mphatso sagula."

Masiku amenewo mawu oti ayi ankalemera. Pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani ofunsa makhadi, ndipo malo anga okhomera anali mkati mwa chipatacho. Ndinayang'ana achimwene. Ndinkayembekeza ukali. Ndinawapeza atawongoka pampando, bulangete litagwa.

"Ikafika pamaso pa akuluakulu?"

"Pamaso penipeni. Patebulo."

"Ndiye aione mmene ililimu. Akuluakuluwo anakwerapo sitima, koma kumbuyo, pamipando yofewa. Aone kutsogolo kunali bwanji. Mwamva? Musaigwire pamwamba. Muzinyamulira kuthabwa."

"Yewo, yewo, tamva chomene."

Maso awo anali pamagudumu.

Atapita ndinati, "Yapita imeneyo. Sibwerera."

"Ndikudziwa."

"Ndikhoza kuibisa. Ndinena kuti yagwa, yaphwanyika."

"Ndiye ndowa zakozo uzikakhomera kuti? Usapuse. Mlamu wanga waiona, watseka pakamwa. Tsopano aione ena." Anatsokomola. "Ntchito yonse ija, palibe amene anabwera kudzaona kumoto. Tinkangomva kuti sitima yachedwa."

Pambuyo pake achimwene anapempha chinthu chimodzi, kuti tsiku lonyamula mphatso akaime pambali pa sitimayo, afotokoze. Apampando anavomera. Achimwene anatulutsa chipewa chawo chija m'sutikesi. Akazi anga anafuna kuchichapa. Anakana. Masana ankakhala pakhonde akuyeseza zokanena, milomo ikuyenda, chala chikuloza chumuni, kenako kampope, kenako khomo la moto.

Mphatso zinkasonkhanitsidwa pasukulu, pamene amayi a chipani ankaphunzirira magule. Akazi anga nawonso ankapita. Panalibe mayi wotsala pakhomo. Anyamata awiri anabwera kudzatenga sitima kutatsala masiku ochepa. Achimwene anaivundikira okha ndi katoni, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, akukalipa njira yonse kuti thabwa lisapendekeke. Mvula yamawawa inali ikugwa. Ndinawauza kuti abwerere. Sanamve.

Mawa lake sanadzuke. Pansalu yotsokomolera panali magazi. Ndinawakweza panjinga, ine ndikukankha, mpaka kuchipatala. Anawapatsa mapiritsi. Namwino wina wachikulire ananditengera pambali.

"Ndi abambo anu?"

"Achimwene."

"Mapapo atha, adada. Muziwafunditsa. Azidya chimene akufuna."

Ndinawabweza kunyumba. Panjira anandifunsa chimene namwino ananena. Ndinati wanena kuti muzifunda.

Sitima ina sikanapangidwanso. Zimenezo ndinazidziwa ndikukankha njinga ija.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mphatso zinyamulidwe, akazi anga anabwera kuchokera kusukulu madzulo. Sanawaserewule alamu awo. Anawapatsa phala, n'kutuluka msanga. Ndinaganiza kuti ndi kutopa ndi magule.

M'mawa wa tsikulo achimwene anavala chipewa ali pamphasa. Anayesa kuimirira. Miyendo inakana. Anayesanso, atagwira khoma. Anakhala pansi.

"Pita iwe. Ukaime pambali pake."

"Ine sinditha kulankhula pagulu."

"Ndikudziwa. Ngakhale pawiri sutha. Ukangoloza. Akafunsa, ukanene kuti mwayewo ndi wadala. Mawu amenewo okha. Ungawakwanitse?"

"Ndikwanitsa."

Pasukulu panali anthu ambiri. Ng'oma, nthungululu, amayi atavala nsalu zofanana. Lole inali itaima, mbuzi zitamangidwa kale kumbuyo, madengu a nkhuku akukwezedwa. Pakhonde la kalasi panali tebulo, anthu ataunjikana. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo.

Poyamba ndinaganiza kuti nthambi ina nayo yabweretsa sitima.

Inali yobiriwira. Penti ya zitseko, yokhuthala, yosauma bwino. Magudumu anali ofiira. Pachumuni anamangapo kansalu. Makala aja anawataya, m'bogimo n'kuikamo maluwa. Malona anawachotsa, m'mabogi n'kundandalikamo mazira. Timipope tina panalibe. Kampope kodontha kaja kanali katathyoka, kabowo kake katatsekeka ndi penti. Ndinawerama kuyang'ana pakhomo la moto. Pansi ponse panali pobiriwira. Kafosholo sindinakaone.

Apampando a amayi anandizindikira. Anali mayi wamkulu thupi, wansangala, amene ankagula mbaula kwa ine.

"Adada a sitima! Bwerani kuno, anthu akuoneni. Mwamuona mwana wanu mmene wasambira?"

Anandigwira dzanja, n'kupitiriza.

"Titavundukula katoni tinachita kukuwa. Yakuda bii, ngati yagona m'khitchini chaka chonse. Dzimbiri lokhalo! Mumaisunga pati, pamvula? Amuna inu kusamala zinthu simudziwa. Tikanachita manyazi chomene pamaso pa alendo. Takwecha dzulo lonse, mchenga ndi phulusa, manja kuchita kutupa. Penti yakuda ija inachoka, zilembo za chitini cha mafuta n'kuyamba kuoneka. Mwayi apampando anali ndi penti yotsala kugolosale."

Amayi ena anaseka, akundionetsa zikhatho. Ankayembekeza kuti ndithokoze. Anagwiradi ntchito. Palibe amene anachita mwankhanza.

Apampando aamuna anafika, atavala jekete, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Adada, tsopano ndiye mphatso. A nthambi ya ku Chibanja abwera kudzaiona, abwerera ali chete. Madala ali kuti? Afotokozetu."

"Adwala."

"Pepani chomene. Ndiye fotokozani inu. Anthu, tamverani mmisiri!"

Ng'oma zinaima, anthu n'kutembenuka. Ankandiyang'ana. Ndinali ndi mawu aja, amene ndinalonjeza kuti ndikwanitsa. Ndinayang'ana chumuni. Panalibe choloza.

"Ndi sitima," ndinatero.

Anaomba m'manja. Wina analuluta. Ng'oma zinayambiranso.

Akazi anga anandipeza kuseri kwa kalasi. Sanandiyang'ane kumaso.

"Ndinawauza apampando a amayi, abambo. Ndinati alamu anachita dala, ndi mmene imaonekera. Anati, ukufuna tipereke zonyansa kwa mtsogoleri? Unene bwino, tonse timve. Kenako anandipatsa chiguduli."

"Nanunso munakwecha?"

Anatulutsa manja m'nsalu. M'zikhadabo munali mwakuda.

"Ndinasankha mabogi. Mutu sindinaukhudze. Sindikanatha." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Mukawauza chiyani?"

"Bwererani kumagule. Angaone kuti mwasowa."

Anyamata anainyamula sitimayo, wina atagwira pamsana pa boyila, penti n'kumumatirira m'manja. Anaiika pakati pa madengu a nkhuku ndi thumba la mtedza. Lole inanyamuka, amayi akuimba pambuyo pake. Kumene sitimayo inakathera sindinamve. Ngati inafika patebulo lija, palibe anandiuza. Mphatso zinkachuluka masiku amenewo.

Sindinapite nawo kubwalo la msonkhano. Ndinabwerera ku Chiputula wapansi, pang'onopang'ono. Ndinazungulira njira ya kudambo, yaitali. Sizinathandize. Nyumba inali pomwepo.

Achimwene anali atadzikoka mpaka pakhomo, atatsamira chitseko, chipewa chili kumutu. Moto wa m'mbaula unali utatsala pang'ono kuzima.

"Wabwera msanga. Aiona?"

"Aiona."

"Anthu ambiri?"

"Ambiri."

"Ati chiyani?"

"Aomba m'manja."

Anatsinzina. Nkhope inamasuka. Anapuma kangapo, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Ndinadziwa. Munthu ngakhale sanaionepo, chinthu chenicheni amachizindikira." Anatsegula maso. "Unaloza?"

Ndinagwada, n'kuthira makala m'mbaula. Ndinauzira mpaka moto unagwira.

"Kampope kaja anakaona? Anafunsa?"

Ndinawakokera bulangete kumapazi. Mapazi anali ozizira.

"Nanga mwaye? Anyamata aja ndi osasamala. Sanaufufute ndi katoni pachumuni paja?"

Ndowa ya mayi wina wa ku Ching'ambo inali pakhonde, yosowa chogwirira. Ndinaitenga. Ndinatenganso hamala.

"Iwe. Ndikukufunsatu."

Mvula yamawawa inali itayambanso. Ndinatsika pakhonde, n'kulowa njira ya kumsika.